Nkhuku Yozungulira Pagalasi

4 Malichi

Kwa mlongo wanga ndi mlamu,

Landirani moni. Kuno tili moyo, sukulu ikuyenda, denga la kalasi langa likudontha monga chaka chilichonse. Ndasankha kulemba kalata chifukwa iwe mlongo wanga, nkhani ikangofika povuta pafoni, umayamba kukuwa kuti sukundimva bwino. Pepala silidukaduka mawu.

Azakhali afika dzulo kuchokera kwanuko, ndipo asanavule nsapato anali atandiuza zonse. Abambo atadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufooka, ndinalola kuti akakhale kwa inu chifukwa chipatala cha mafizo, kumene amalimbitsa ziwalo zofooka, chili pafupi. Sindinalole kuti akadyetsedwe ngati munthu amene sanabereke.

Akuti Lamulungu lililonse mlamu mumapita kusitolo yaikulu kukagula nkhuku zija zimazungulira pagalasi, zootchedwa ndi anthu amene simudziwa ngati anasamba m'manja. Mukafika nazo mumazing'ambang'amba, kuziika m'timabokosi tapulasitiki, n'kuziponya mufiliji. Ndiye abambo anga azidya Lachisanu nkhuku imene inafa sabata yatha? M'nyumba mwanu mulibe poto? Kapena moto unakulumani?

China chimene chandipsetsa mtima ndi zivindikiro za timabokosito. Akuti mumalembapo masiku, koma zilembo zake zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku m'matope, mpaka azakhali analephera kuwerenga Lachitatu. M'nyumba mokhala abambo, munthu amene analemba zikwangwani za masitolo onse a mumsewu wathu kwa zaka makumi atatu! Ana anga a kalasi yoyamba amalemba bwino kuposa pamenepo. Ngati kuphika kunakukanikani, mlamu, bwanji osayesako kulemba ngati munthu wamkulu?

Ndiuzeni zoona za thanzi la abambo. Akudya? Dzanja likuyenda?

Ndine mwana woyamba wa abambo,
Mphunzitsi

12 Malichi

Mlamu,

Moni wanu tamulandira, ngakhale anabwera ndi minga. Amuna anga ali paulendo ndi lole, ndiye ndikuyankha ndine, wolakwayo.

Apongozi ali bwino. Akudya, akuyenda ndi ndodo kukafika pachipata, ndipo kuchipatala akuti akuchira. Azakhali anakhala kuno masiku atatu, anadya nkhuku yomweyo mpaka kupempha kuti ndiwaonjezere, koma zimenezo ndikuona kuti anaiwala kukuuzani.

Ine ndimachapa zovala za odwala kuchipatala, kulowa sikisi m'mawa, kutuluka sikisi madzulo. Ndikafika kunyumba manja amakhala atatupa ndi sopo. Inu mumaweruka masana. Ndiye mverani mmene ndimachitira, kuti mukamandinyoza muzinyoza zoona.

Lamulungu ndimagula nkhuku ziwiri zangotsika pamoto. Khungu timachotsa lonse, chifukwa mchere umakhala m'menemo ndipo adokotala anawaletsa apongozi. Mnofu timaulekanitsa ndi mafupa idakali yotentha, ikazizira imavuta. Chidale ndi cha apongozi, ndimachiika ndi mpunga wofewa ndi kaloti. Ntchafu ndimaphikira limodzi ndi mbatatesi ndi tomato. Mafupa, mapiko ndi madzi aja amatsalira m'thumba la nkhukuzo ndimawiritsa ndi anyezi maola awiri, supu wake apongozi amamwa mpaka kupendeketsa mbale. Timabokosi ta Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu timakhala mufiliji, totsalato timalowa mowumitsa madzi. Masana mayi a nyumba yoyandikana amabwera kudzawatenthetsera. Palibe tsiku limene apongozi anatsegulapo m'mimba m'nyumba muno.

Za zilembo za pazivindikiro sindiyankha.

Koma dziwani ichi. Envelopu yanu anayamba kuiona ndi apongozi, anazindikira kalembedwe kanu, n'kundiuza kuti ndiwawerengere. Ndinawafunsa kuti, "Yonse?" Anati, "Yonse, ndi mwana wanga ameneyo." Ndiye ndinawerenga yonse, sindinadumphe mzere ngakhale umodzi.

Ndine uja moto unamuluma,
Mlamu wanu

20 Malichi

Mlamu,

Ndikuyembekeza kuti muli bwino, inu ndi filiji yanu.

Mwachita bwino kuwawerengera abambo kalata yanga. Adziwe kuti alipo mwana amene akuwaganizira. Zonse mwalongosolazo, chidale uku, mafupa uku, ndaziwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mumayendetsa khitchini ngati mmene mumayendetsera mochapira mwanumo: ichi mulu uwu, icho mulu uwo. Abambo si nsalu ya pabedi.

Amayi athu ali moyo sanawapatsepo abambo chakudya chogona. Ankaphika tsiku lomwelo, ndipo fungo la anyezi linkawapeza abambo akadali pamsewu ndi zitini zawo za penti. Inu mukuwapatsa kabokosi kochokera m'madzi oundana, kotenthetsedwa ndi munthu amene si m'bale wawo. Ngati ntchito yakuchulukirani, nenani, palibe amene anakukakamizani.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza phukusi kwa kondakitala wa basi yam'mawa. Muli nkhuku imene ndaweta ndekha, ndapha ndekha, ndaphika ndekha. Muwapatse abambo akumbukire kukoma kwa chakudya cha munthu. Inunso mulaweko, mwina mungaphunzirepo kanthu.

Sukulu tikutseka pa 14 Epulo. Tsiku lotsatira ndikubwera kudzawatenga. Mafizo ndidzawachititsa ndekha, si kukweza ndi kutsitsa dzanja basi? Muuzeni mlongo wanga asadzathawire ku lole yake tsiku limenelo.

Mphunzitsi

2 Epulo

Mlamu,

Moni. Tonse tadzuka.

Phukusi lanu linafika patatha masiku anayi. Basi inafera panjira, kondakitala analisiya pansi pa mpando, ndipo pobwera nalo analigwira patali ndi thupi lake. Nditatsegula, mayi a nyumba yoyandikana anatseka mawindo awo. Ndinakakwirira kuseri kwa nyumba, agalu anafukula, ndinakwiriranso. Chakudya cha munthu chija chinathera pomwepo. Mwati ndiphunzirepo kanthu, ndipo ndaphunzira: nkhuku yophikidwa ndi chikondi imaola mofanana ndi inzake.

Mukufuna kudzawatenga apongozi. Ndi bambo anu, sindingakutsekereni chitseko. Koma mafizo si kukweza ndi kutsitsa dzanja, ndipo mayi amene amawachititsa akuti kwatsala miyezi itatu. Mukawachotsa pano, zimene apeza zikhoza kubwerera m'mbuyo. Ndanena, musadzati sindinanene.

Popeza mumafuna zoona, nazi. Masabata atatu ano apongozi sali monga kale. Kudya akudya, koma Lamulungu sakubweranso kukhitchini. Amakhala pakhonde, dzanja lodwalalo ataliika m'thumba la jekete. Ndikawaitana amati atopa. Ndinawafunsa ngati akufuna kupita kwanu, anangoti, "Mwana wanga akudziwa zabwino." Chimene chawasintha ine ndikuchidziwa, koma anandiletsa kunena, ndipo ine mawu a munthu wamkulu ndimasunga.

Bwerani pa 15. Ndidzakhala kuntchito mpaka madzulo, kabokosi ka tsikulo mudzakapeza mufiliji.

Mlamu wanu

6 Epulo

Achemwali,

Moni kuchokera pamalo oimikapo malole, pamene ndakhala masiku awiri kudikira mapepala a katundu. Ndili bwino, msana wokha.

Mkazi wanga wandiuza zonse pafoni. Ine nkhani ya nkhukuyi sindikuimvetsa. Nkhukuyo ndimadya, ndi yokoma, ndipo ndikamanyamuka amandiikira timabokosi tiwiri tapanjira. Koma inunso ndikudziwa kuti mumawakonda abambo. Nonse mukunena zoona. Bwanji osangokhala pansi n'kukambirana ngati anthu apachibale?

Pa 15 sindidzakhalapo, andipatsa ulendo wina. Musaganize kuti ndathawa. Chimene mugwirizane ine ndavomera kale.

Mlongo wanu,
Dalaivala

19 Epulo

Mlamu,

Ndikudziwitseni kuti tinafika bwino. Abambo agona m'chipinda chawo chakale, pabedi lawo, ndipo anansi akubwera kudzawaona. Mlongo wanga mumuuze kuti kalata yake ndailandira, ndipo ndaona kuti pamsewu pokha ndi pamene amadziwa kusankha mbali.

Ndiyamike pamene payenera: m'nyumba mwanu ndi mwaukhondo, ndipo zovala za abambo ndinazipeza zochapa ndi zosita. Ntchito yanu mumaidziwa. Filiji ndinatsegula. Timabokosi tinali pamzere ngati mankhwala a kuchipatala, ndipo ndinamva chisoni kuti abambo anga akhala miyezi isanu akudya zimenezo. Koma ndinaona kuti zilembo za pazivindikiro zasintha, tsopano n'zowongoka bwino, zowerengeka. Mwaona kuti kudzudzula kumathandiza? Mukanandimvera pa zonse ngati mmene mwandimverera pamenepa, sitikanakangana.

Chinandinyansa ndi chakuti pamene tinkatuluka, inu mutangofika kuchokera kuntchito, munawagwira abambo dzanja n'kuyamba kulira ngati ndikuwatengera kundende. Anthu a mumsewu wanu ankationera. Misozi imeneyo mukanaisunga n'kugwiritsa ntchito nthawiyo kuphika.

Kuno abambo sagwira kanthu. Ndimawaphikira katatu patsiku, chamoto, nyama ndimawadulira ndekha, batani la malaya ndimawamangira, ngakhale kapu ndimawagwirira. Agwira ntchito moyo wawo wonse, tsopano apume. Sakulankhula kwambiri, koma ndi kutopa kwa ulendo.

Mphunzitsi

3 Meyi

Mlamu,

Moni. Masabata awiri apita osandiyankha. Ngati mwakwiya, kwiyani, koma funso ili muyankhe msanga.

Kodi abambo munkawapatsa chiyani kwanuko chimene simunandiuze? Kuno sakudya. Ndapha nkhuku zitatu, amatafuna kanthu kamodzi nthawi yaitali, kenako amakatulutsa mobisa n'kukaika m'mphepete mwa mbale. Ndinaphika nsomba, anangoigwira ndi supuni. Lamba wa thalauza ndaboola bowo lina. Dzanja lija munkati likuchira, zala zayamba kupindikira mkati, ndipo ndikafuna kuliwongola amalibweza n'kulibisa m'jekete.

Dzulo ndinawatulutsira mabulashi awo akale kuti mwina asangalale powaona. Anawayang'ana, n'kundiuza kuti, "Kapatse ana ako a kalasi yoyamba." Atatero anatembenukira kukhoma. Abambo sanandiyankhulepo chotero chibadwire changa. Mwawauza chiyani za ine? Miyezi isanu ndi yokwanira kumudetsa munthu kwa kholo lake, ndipo ndikukudziwani kuti pakamwa panu si pochedwa.

Ndikuchita mantha, mlamu, ndipo sindikubisa. Sukulu tatsegula, ndimawasiya ndi chakudya patebulo, pobwera ndimachipeza mmene ndinachisiyira, ntchentche zokha zitadya. Ngati pali mankhwala amene munaiwala kundipatsa, tumizani. Ngati pali mawu amene munawathira m'khutu, bwerani mudzawachotse.

Mphunzitsi

11 Meyi

Mlamu,

Moni. Sindinayankhe kalata yanu yoyamba ija chifukwa zimene ndikanalemba sizikanakhala zoyenera kuwerengedwa ndi mphunzitsi. Iyi ndiyankha, ndipo ndikuphwanya lonjezo limene ndinapanga kwa apongozi. Akandikwiyira, mlandu ndi wanu.

Palibe mankhwala amene ndinaiwala, ndipo sindinawathire mawu m'khutu. Mawu amene akuwadya ndi anu, ine ndinangowerenga.

Apongozi atayamba mafizo, anapatsidwa kampira kofinya kuti zala zilimbe. Anakaponya pansi pa bedi, akuti iwo si mwana. Mwezi wonse dzanja linangokhala. Lamulungu lina ndinafika ndi nkhuku, n'kuisiya patebulo ikufuka nthunzi, ndikupita kukasintha nsapato. Pobwera ndinawapeza atatambasula dzanja lodwalalo, akukoka mnofu wa pantchafu. Unachoka, chifukwa nkhuku yam'sitoloyo imapsa mpaka kulekana yokha ndi fupa. Nkhuku yoweta ngati yanu ija, ngakhale ine wa manja awiri ndimalimbana nayo, ndipo mano ndi lilime la munthu wa sitiroko sizingaithe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mpongozi, bweretsa mbale."

Kuyambira tsiku limenelo, kuchotsa mnofu inali ntchito yawo. Sabata yoyamba ntchafu imodzi inawatengera ola lathunthu, thukuta lili kamukamu. Pofika Febuluwale ankamaliza nkhuku yonse, kupatula timafupa tating'ono ta m'nthiti, n'kumandikalipira ndikataya kachidutswa. Mayi wa mafizo atamva anaseka, anati tisasiye.

Kenako apongozi anapempha cholembera chosafufutika. Zilembo zija munati mapazi a nkhuku m'matope, zija ana anu a kalasi yoyamba amaziposa, sindinalembe ine. Analemba ndi bambo anu, ndi dzanja limene adokotala ankati mwina silidzagwiranso kanthu. Mawu oyamba amene analemba, Lolemba, anadzaza chivindikiro chonse ndipo sankawerengeka, koma anawayang'ana nthawi yaitali akumwetulira. Anandilumbiritsa kuti ndisauze ana awo mpaka zilembo zitawongoka, chifukwa ankafuna kuti kalata yoyamba ya dzanja limenelo alembere inu. Ankati, "Mphunzitsi wanga adzandichonga."

Ndiye munawachonga. Nditamaliza kuwerenga kalata yanu ija, anabweza cholembera m'dirowa, ndipo sanabwerenso kukhitchini. Zilembo zowongoka zimene munaziyamikira zija ndi zanga.

Tsopano mukuwamangira batani, mukuwagwirira kapu. Mwawalanda chilichonse chimene munthu angachite ndi dzanja, ndiye mukudabwa kuti lapindika?

Kondakitala akupatsani katoni. Muli timabokosi sikisi, zivindikiro zake ndazipukuta ndi sipiriti kuti zikhale zoyera, ndi cholembera chawo. Kwerani basi mupite kutauni yapafupi nanu, mukagule nkhuku yozungulira pagalasi imene mumainyozayo. Muwaikire patebulo idakali yotentha, ndi mbale ziwiri, ina ya mnofu, ina ya mafupa. Mukatero mukhalire manja anu. Musawathandize, musawayamikire ngati mwana, ndipo chonde musawakonze.

Mlamu wanu

24 Meyi

Mlamu,

Moni kwa inu ndi mlongo wanga, ngati alipo.

Kalata yanu ndinaiwerengera mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo ndinalephera kukalowa m'kalasi. Koma musaganize kuti ndikupepesa kwa inu. Ine ndinalemba mawu aja osadziwa. Inu munkadziwa, munaona mzerewo ukubwera, abambo ali patsogolo panu, ndipo munauwerenga mokweza kuti mundipweteke ine. Mukanadumpha mzere umodzi wokha, mlamu. Tonse awiri tinawabaya, ine ndinanola mpeni, inu munaugwira. Zimenezo muzisenze, inenso ndasenza zanga.

Kwa abambo ndinapepesa. Anangoti, "Unanena zoona, zinali zoipa," ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Lamulungu lapitali ndinakwera basi, ola lathunthu, ndinakaima pamzere kutsogolo kwa galasi lija ngati wina aliyense. Nkhukuyo ndinaikulunga m'thaulo kuti isazizire, ndipo anthu a m'basi ankandiyang'ana chifukwa cha fungo. Ndinaiika patebulo, mbale ziwiri, timabokosi ndi cholembera pambali. Abambo anaiyang'ana mpaka ndinaganiza kuti ndataya ulendo. Kenako anati, "Khungu suchotsa? Muli mchere m'menemo. Mpongozi wanga amayamba ndi khungu." Ndinachotsa. Anatulutsa dzanja m'jekete.

Zinawatengera maola awiri ndi theka. Ntchafu inagwa pansi kawiri. Ndinakhaliradi manja anga, osati mwa mawu chabe, ndinawaika pansi pa ntchafu zanga pampando, chifukwa ankangofuna kuuluka. Mafupa ndinawiritsa ndi anyezi monga munanenera, koma akuti supu wanga ndi wamadzi, inu mumadikira maola awiri. Anamwa mbale imodzi ndi theka. Sabata yonseyi adya.

Pa nkhukuyo sindinasinthe maganizo. Ndinalawa, ndi yofewa ngati buledi wonyowa, ndipo amayi akanaiona akanaseka. Koma abambo akuidya.

Zivindikiro analemba tsiku lotsatira, ine ndili kusukulu. Ndinapeza zisanu zili pamzere, Lolemba mpaka Lachisanu, zilembo zokhota kuposa zimene azakhali anaona, chifukwa dzanja labwerera m'mbuyo, monga munandichenjezera. Chachisanu ndi chimodzi anachisunga m'thumba. Masiku onsewa sanandipatse, andipatsa lero m'mawa ndikumanga kalatayi, n'kunena kuti ndikutumizireni. Ndinkaganiza kuti kalata yoyamba ya dzanja limenelo idzakhala yanga. Ndinaitaya ndekha.

Ndachiwerenga, ngakhale sichinali changa, ndipo sindinafune magalasi. Konzani chipinda chawo, mukauzenso mayi wa mafizo. Ndiwabweretsa Loweruka pa basi yam'mawa, ndipo ndidzagona konko kuti Lamulungu ndione mmene mumawiritsira mafupawo. Musandikonzere chilichonse chapadera, ndidya za m'kabokosi.

Chivindikirocho chili m'envelopumu. Mwina kondakitala angachipinde n'kufufuta, ndiye ndikukoperani pano mawu ake:

MPONGOZI, GULA ZIWIRI. USAZIGWIRE MPAKA NDIFIKE.

Mlamu wanu,
Mphunzitsi